Nduna ya Magalimoto ndi Alangizi Ake Awiri

Turffontein, Joni
12 Marichi 2023

Kwa a Sabina, amake Thandiwe,

Pukutani kaye m'manja musanapitirize, chifukwa kalata mwagwirayi yachokera kwa munthu wamkulu. Wolemba ndine mwamuna wanu Dominiko Kamtedza, Nduna ya Magalimoto pa sitolo yaikulu ya kuno. Ndikakweza dzanja, galimoto imaima. Ndikalitsitsa, imayenda. Azungu amandimvera, amwenye amandimvera, ngakhale abusa. Ansanje amati ndine mlonda wa poimika magalimoto wovala kajekete kachikasu. Amenewo musamawamvere.

Moyo ndili nawo, kupatula bondo lija limene limalosera mvula kuposa wailesi. Kaya inu kumeneko, ndi mutu wanu uja? Munandidulira foni Lamulungu lija, munati ndikamayankhula ndimangoseka ngati palibe chinachitika. Chabwino. Ndabwerera ku Sitandade 6 yanga ya ku Mua, ndizilemba. Papepala kuseka sikumveka. Shadreck wa basi ndiye azikutulirani makalatawa pa Golomoti.

Mawu a alamu anga a Macdonald ndawamva onse. Akuti chiliza cha mwana wathu Thandiwe chidzadalitsidwa pa 16 Sepitembala. Akuti ndikadzasowa pamenepo monga ndinasowera pa maliro ake zaka ziwiri zapitazo, adzanyamula nkhwangwa yanga, mpando wanga ndi njinga yanga ija yopanda tcheni, kukatula kwa mlongo wanga ku Mua, ndiye kuti ukamwini wanga pamudzi panu watha, banja latha. Akuti zaka khumi ndi chimodzi zosaponda kumudzi zakwana. Kuwerengako sanalakwitse.

Koma nduna siyankha mwaphuma, imayamba yafunsa alangizi. Ine ndili nawo awiri, timagona chipinda chimodzi.

Woyamba ndi Lovemore, wopenta nyumba, wa zaka za m'ma makumi anayi. Ndi Mmalawi ngati ine, koma mukamutchula Lovemore pagulu amacheuka ngati mukuitana wina. Anagula mapepala, tsopano ndi Jabulani, amayankhula Chizulu mpaka potsokomola. Kwawo sanena. Ali ndi kiyi wa galimoto amene amamuika patebulo tikamadya, galimotoyo akuti ikubwera. Ndamufunsa za mlandu wangawu, akuti, "Madala, nkhwangwayo azitenga. Dzina ndi malaya, mudzi ndi malaya. Akathina umavula."

Wachiwiri ndi Jafali, telala, Msilamu wa ku Mtakataka, msinkhu wanga. Ameneyu safuna kanthu. Malaya awiri, kapu imodzi. Akaweruka amakhala pabedi, n'kutseka maso, n'kunena kuti, "Ndapita kwathu, musandisokoneze." Ndamufunsanso naye, akuti akuganizabe.

Mpunga wa ku Bwanje ukayamba kubereka mupeze woingitsa mbalame, musamakhale padzuwa nokha. Ndatumiza kangachepe ka simenti ya chiliza ndi nsalu imodzi. Ngati mtundu wake sunakusangalatseni, anasankha ndi Shadreck.

Ndine wanu,
Nduna


23 Epulo 2023

Amake Thandiwe,

Landirani moni wa Pasaka wochedwa. Ine ndili bwino. Sabata yatha ndinagona masiku awiri kwina kumene sindinasankhe ndekha, chakudya chake chosathira mchere, koma ndatuluka. Za mapepala anga tidzakamba pamaso. Kuno buledi wakwera, ndipo magetsi akuzima kuposa kwathu, moti ndayamba kuona ngati ndafika kale.

Mwalemba kuti simunafunse za alangizi, munafunsa ngati ndikubwera. Dekhani, mayi. Mlandu uli mkati.

Lovemore wapenga ndi chikondi. Mkaziyo ndi Monalisa, woluka tsitsi pakona pa msewu wathu, mayi wa konkuno, mawu ake ngati belu la pa Mishoni. Lovemore wamulonjeza saluni ya magalasi mbali zonse, nyumba ya masitepe, ndi ulendo wa ku nyanja ya mchere pa galimoto ya kiyi uja. Loweruka amamutenga kukazungulira m'masitolo, osagula kanthu, kumangoloza: ichi n'chathu, icho n'chathu. Akabwera amakhala wotopa ngati wasenzadi katunduyo.

Jafali ulendo wake ndi wina. Dzulo anandilola kuti ndimuperekeze, ndiye amanena mokweza. Amatsika minibasi pamsika, amayi a tomato n'kumukuwira kuti mtchona wabwera. Amagula chinangwa chokazinga, n'kulowa kanjira ka kuseri kwa chigayo. Amadutsa pamjigo wolira ngati mbuzi yomangidwa. Amawoloka kamlatho ka mitengo itatu, wapakatiwo ndi wowola, saupondapo. Kenako mtengo wa bwemba, kenako khomo. Akafika pamenepo amangomwetulira mpaka theka la ola.

Lovemore analephera kupirira. Anati, "A Jafali, kwanu kwa m'mutuko kuli nsomba yoti munthu n'kukazinga? Mukudya utsi, madala."

Jafali osatsegula n'komwe maso anati, "Nanga galimoto yako ya m'thumbayo ili ndi matayala angati?"

"Yanga ikubwera! Zanu zinapita."

"Zanga sizilira petulo."

Ndinaseka mpaka bondo kuwawa. Koma monga nduna ndagamula kuti wanzeru ndi Jafali. Onse awiri amadya za m'mutu, sindikukana. Koma Lovemore amalakalaka za eni, ndipo chilichonse akachiona chimamusiyira njala ina. Anataya dzina limene anamupatsa amayi ake kuti alowe m'nyumba imene sanamuitane. Jafali zake ali nazo kale, amadziwa kuti iye ndi yani, ndipo kwawoko palibe wapolisi angamufunse pasipoti.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale alamu anene zotani. Denga la khitchini lidikire ine.

Wanu yemweyo,
Nduna


4 Juni 2023

Amake Thandiwe,

Ndikhulupirira muli bwino ndipo zokolola zalowa. Kuno kwazizira moti madzi a pampopi amaluma. Ndavala zonse zimene ndili nazo, kajekete ka unduna pamwamba. Mpunga munatumiza wafika, fungo lake ladzaza nyumba yonse mpaka anzathu a ku Congo a chipinda chinacho abwera kudzapereka moni amene sanaperekepo chiyambire. Mwachita bwino kuikamo kathumba kapadera ka Jafali. Wathokoza kwambiri, akuti Mulungu akudalitseni.

Mwalemba kuti mjigo wolira ngati mbuzi ndi kamlatho ka mitengo itatu mukuzidziwa, zili pa njira ya kwanu, osati ku Mtakataka. Mayi, mijigo yonse ya m'Dedza imalira chimodzimodzi. Anaikumba ndi anthu amodzi.

Funso lanu lachiwiri ndi limene landivuta. Mwati, ngati Jafali amakonda kwawo chotere, bwanji osangokwera basi? Ndinamufunsa. Anaika kapu yake pansi. Kenako anati, "Dominiko, ine ndikatseka maso n'kufika pakhomo paja, mwana wanga amatuluka akuthamanga kudzandilandira chikwama. Ndikakwera basi, adzatuluka ndani?"

Mwana wakeyo anamwalira iye ali kuno. Anali mnyamata. Uthenga unamupeza ali pa ntchito, anamaliza kusoka buluku limene linali m'manja, n'kuyamba lina. Anzake anamusonkhera ya ulendo, iye anaitumiza kuti akagulire nsalu ya maliro. Akuti wallahi, pali Mulungu, dothi la pamandapo sanalione, ndiye kwa iye dothilo kulibe.

Lovemore anamva zonsezi akutsuka maburashi ake. Ndinkayembekeza kuti aseka. Sanaseke. Anangoti, "Nanga mayi wa mwanayo akatseka maso amaona chiyani?" Jafali anatuluka panja, kuzizira konseko, wopanda jekete.

Ine sindinagamule kanthu tsiku limenelo. Khoti linatsekedwa msanga.

Mwati amisiri akufunsa mawu oti alembe pa chiliza. Sankhani inu. Ine ndikasankha ndiikamo nthabwala, mundikwiyiranso. Koma dzina alembe lonse, Thandiwe Victoria. Ndinamusiya ali Fomu 2, akulemba dzina limeneli pa chilichonse, pachitseko, pankhokwe, mpaka pa chishalo cha njinga yanga. Muone ngati likadalipo alamu asanayinyamule.

Wanu,
Dominiko, Nduna


16 Julayi 2023

Amake Thandiwe,

Moni. Ndilemba zochepa, ndikuchokera kuchipatala. Si ine, musadzidzimuke. Ndi Lovemore. Anapenta nyumba ina kunja mphepo ikuwomba sabata yathunthu, chifuwa chinamugwira, madokotala akuti chibayo. Pakhadi la pabedi alemba Jabulani.

Chodabwitsa n'chakuti thupi likatentha Chizulu chonse chimathawa. Amabwebweta Chichewa chokhachokha, cha kwathu kwenikweni, kuitana amayi ake kuti mbalame zalowa m'munda. Monalisa amakhala pambali pake tsiku lonse, makasitomala ake akupita kwa ena. Anandifunsa kuti akuti chiyani. Ndinati akuti mu saluni muja aikamo magalasi ena kudenga. Anandiyang'ana nati, "Madala, musandinamize. Ndinadziwa tsiku loyamba kuti si wa kuno. Mzulu uti akapsa ndi tiyi amakuwa kuti mayo?" Miyezi yonseyi ankangomusiya azinama, akuti chifukwa akamanama nkhope yake imawala.

Atatsitsimuka pang'ono ndinamugwira dzanja. Ndinati, "Lovemore, tandiuza mudzi wa kwanu, mwina tingafune kulembera anthu."

Anati, "Soweto."

Ndinati, "Usandiseweretse iwe, ndine msinkhu wa bambo ako."

Anaseka mpaka kutsokomola, nati, "Pafupi ndi pamene amawotcha nyama ya mbuzi pamsewu."

Amake Thandiwe, kuchokera pa Salima mpaka pa Balaka, ndi pati pamene sawotcha mbuzi pamsewu?

Jafali sanapiteko kukamuona. Akuti fungo la chipatala limamutsekera njira ya kwawo.

Za Sepitembala sindinaiwale. Alamu muwauze asayambe kunola nkhwangwa yanga, sinakhale yawo.

Dominiko


27 Ogasiti 2023

Amake Thandiwe,

Ine ndili moyo, kaya inu. Lovemore anatisiya pa 2 Ogasiti m'mawa.

Ndinapita ku gulu lathu la Amalawi limene limatumiza maliro kumudzi. Wapampando anandilandira bwino, anatsegula mapepala, nati, "Bambo Kamtedza, apa palembedwa kuti malemu ndi nzika ya kuno. Pa malire tikanena kuti tikupita naye kuti? Kwa yani?" Ndinayankha kuti pamene amawotcha mbuzi. Palibe anaseka. Ngakhale ine.

Masabata awiri anagona mu furiji ya chipatala, kudikira abale a Jabulani, munthu amene sanabadwepo. Potsiriza Monalisa anasaina kuti ndi mwamuna wake. Anagulitsa choumitsira tsitsi ndi mipando yake iwiri. Tinamuika konkuno, manda aakulu ngati sikimu ya Bwanje, mizeremizere, opanda mtengo ndi umodzi womwe. Tinalipo anthu atatu, wachitatuyo anali woyendetsa galimoto ya maliro.

Panali kathabwa koti tilembepo dzina. Ndinatenga penti wake wotsala ndi burashi, n'kufunsa Monalisa kuti tilembe liti. Anati, "Onse awiri. Pamwamba limene anamupatsa amayi ake, pansi limene anandipatsa ine." Ndinalemba. Zilembo zinatuluka ngati mbedza.

Jafali sanabwere. Pobwerera ndinamupeza pabedi, maso otseka, akumwetulira. Anati iye Lovemore amusunga wamoyo. Amake Thandiwe, mukundidziwa, chibadwire sindinamenyepo munthu, koma tsiku limenelo ndinatenga kapu yake ija n'kuiphwanya pakhoma.

Ndasintha chigamulo. Ndinkati Lovemore ndi chitsiru chifukwa ankafuna zimene alibe, n'kumadzitcha chimene sali. Koma maloto akewo ankawatengera kwa munthu wamoyo, woti angamuseke, angamukane, angamugwire bodza. Ndipo munthuyo anagulitsa mipando. Jafali dzina lake sanasinthe, inde, koma ndani akumuitana nalo? Amakonda anthu amene sangamuyankhe. Mwana wake amamulandira chikwama tsiku ndi tsiku, pamene mayi wa mwanayo akuzula yekha udzu pamanda. Kumeneko si kukonda ayi. N'kudya za m'munda umene sunalime.

Ndagula tikiti. Ndinyamuka Lachiwiri pa 12 Sepitembala, Lachinayi ndili pa Golomoti. Musaphe nkhuku, mano anatha. Kapena muphe basi, ndidzamwa msuzi.

Wanu,
Dominiko


15 Okutobala 2023

Amake Thandiwe, ngati ndikuloledwabe kukutchulani choncho,

Kalata yanu ndalandira, ya mizere isanu ndi umodzi. Ndamva kuti mwambo unayenda bwino, ansembe anadalitsa, kwaya inaimba, dzina analemba lonse. Ndamva kuti munatuma munthu kukadikira pa Golomoti Lachinayi, Lachisanu, ndi Loweruka m'mawa. Ndamvanso kuti alamu anachita monga ananenera, katundu wanga ali ku Mua, ndipo inu simunawaletse. Simunalakwe. Sindikulemba kuti ndichite apilo.

Ku siteshoni ndinafika, m'mamawa ndithu, chikwama m'manja. Shadreck ndi mboni, anandisungira mpando wa pawindo. Anthu akukwera, ine ndinati ndiyambe ndakataya madzi. Nditabwera ndinati ndiyambe ndagula buledi. Basi italiza injini ndinangopezeka ndaima kumbuyo kwake, dzanja m'mwamba, ndikuiwongolera kuti isagunde chipupa. Bwera, bwera, bwera, ima. Inatuluka bwinobwino. Dalaivala sanandizindikire, anandiponyera kandalama kachitsulo pawindo.

Chifukwa ndilibe. Ndinayesa kupeka, zonse zinatuluka zopunduka.

Tsopano mzere wanu womaliza. Mwati chiliza chitatha munakwera minibasi kupita ku Mtakataka kukafuna mkazi wa Jafali, kuti mukakhale naye pansi, amayi awiri. Mwati munafunsa pamzikiti, munafunsa matelala onse a m'makonde, munafunsa ogulitsa nsomba, mpaka dzuwa kupendeka, ndipo palibe akudziwa telala Jafali wa ku Joni, kapena mnyamata wake amene anamwalira. Kaya munapita kukatonthoza mnzanu, kaya munapita kukandigwira, sindikudziwa. Mwina zonse. Ndikanakhala wanzeru ndikanati kwawo ndi ku Nsanje. Ndani amatchula munthu wa ku Mtakataka kwa mayi wa ku Golomoti n'kumaganiza kuti zithera pomwepo?

Sabata ino ndinapita ku ofesi ya dziko lathu, ndinatchula dzina langa ndi mudzi wanga, andipatsa pepala la ulendo umodzi, lopita kokha. Kajekete ndabweza, unduna watha. Kalatayi itsogole, ine ndikwera ulendo wotsatira, pa 31. Shadreck ndamuuza kuti ndikangotchula buledi andimange ndi chingwe pamodzi ndi mafuriji amene basi imanyamula.

Ndikafikira kwa mlongo wanga. Pakhomo panu sindidzaponda. Chimene ndikupempha n'chimodzi. Kumanda a mudzi wa eni mlendo salowa yekha, ndipo ine tsopano ndine mlendo. Mundipemphere kwa a Macdonald kuti wina andiperekeze, akandilozere pamene pali mwana wanga. Sindipadziwa.

Zonse ndinalemba za Lovemore n'zoona. Mukadzamva mayi wina kumbali ya Bwanje akudandaula za mwana wake wopenta amene anasiya kuimba foni, mudzamuuze kuti anaikidwa ndi anthu omukonda. Koma Jafali kulibe, Sabina. Ndinamupeka ndine. M'chipinda muno munali mabedi awiri okha. Mawu onse amene Lovemore ankamunyoza nawo ankandiuza ine, kapu ndinaphwanya inali yanga, ndipo amene amatuluka kudzalandira chikwama si mnyamata.

Dominiko